Matayala Amene Bambo Anasankha ndi Manja

Pikapu imene ndimayendetsa inali ya bambo anga. Anaigula atapuma ntchito yoyendetsa lole yotuta thonje m'misika ya ku Balaka, ntchito imene anaiyamba ine ndisanabadwe. Anayenda nayo zaka zingapo, kenaka matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Poyamba ankati ndi fumbi, pena ankati galasi lakutsogolo lakalamba. Tsiku lina anagunda mbuzi imene aliyense ankaiona, pafupi ndi mlatho wa Liwonde. Atafika kunyumba anandiitana n'kundiika makiyi m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti nditabwerera pakhomo pawo banja langa litatha, ndipo kuyendetsa anali atandiphunzitsa okha ndili mtsikana.

Ndinayamba geni ya mpunga. Ndinkakagula kwa alimi kwa Mposa, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, n'kudzagulitsa pa Liwonde. Chilimwe zonse zinkayenda. Vuto linali dzinja, chifukwa ukangosiya tala umalowa m'dothi la makande, ndipo mathirakitala amasiya ngalande ziwiri zakuya, pakati pali mtumbira. Galimoto yanga inkakhalira mimba pamtumbirapo, matayala n'kumangozungulira. Chaka china mu Januwale ndinatitimira kawiri sabata imodzi. Ulendo wachiwiriwo ndinakhala m'matope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, abambo a m'mudzimo akukumba ndi makasu, amayi akuthyola nthambi zoyala pansi.

Ndiye ndinapita kwa makaniko wina pa Liwonde pomwepo kuti aikweze. Anawonjezera masipuling'i kumbuyo, n'kuika mashoko aatali. Itatuluka m'galaja inali yamtali bwino, koma timatayala take tinkaoneka tochepa ngati ta wilibala. Makanikoyo anandiuza kuti chimene chakwera ndi thupi lokha. Difu, chitsulo chotupa chimene chili pakati pa matayala akumbuyo, inali ikadali pansi pomwepo, ndipo chimene chikanaikweza ndi matayala aakulu basi.

Zonsezi bambo sindinawauze. Pofika nthawi imeneyo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo ankaswera pakhonde ndi wailesi. Ine ndinkaganiza kuti kuwauza za galimoto n'kuwakumbutsa zowawa, choncho ndikabwera ku ulendo ndinkangowapatsa moni n'kuwafunsa ngati amwa mankhwala.

Lachinayi lina ndinapita ku Balaka kwa bambo wina wogulitsa matayala, munthu wachikulire wachisilamu, wa ndevu zoyera ndi kofiya kumutu. Ndinaloza aakulu kuposa onse, otambalala, a mano ngati a thirakitala, ofanana ndi amene ndinkawaona pa magalimoto a mabungwe.

"Achemwali, awatu ngaakulu," anatero. "Galimoto yanuyi ndi yakale."

"Ndaikweza," ndinayankha. "Ikani omwewo."

Sanalimbane nane. Anandiikira anayi, akale aja tinaponya kumbuyo. Msewu wa ku Liwonde ngwowongoka, ndiye sindinamve chachilendo kupatula kuti galimoto inkanyamuka mwaulesi ndipo matayala ankalira ngati njuchi. Ndinali wokondwa. Pa msika anthu ankacheuka. Koma nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto kuti ndilowe pageti pathu, kutsogolo kunamveka khwe, khwe, khwe.

Ndisanatsike n'komwe, wailesi pakhonde inazimitsidwa.

"Ndani walowa ndi galimoto?"

"Ndine, ababa."

"Iyayi. Imeneyo si galimoto yanga."

Anadzuka, napapasa ndodo yawo, n'kubwera okha mpaka pamene ndinaima. Anaika dzanja pa boneti n'kupeza kuti yafika pamene sankayembekeza. Anatsetsereka nalo mpaka pa tayala, n'kugwada. Anasisita mano aja, kenaka zala zawo zinapeza manambala otukuka a m'mbali mwa tayala. Anawatsata pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atatero analowetsa mkono m'kati mwa madigadi, chitsulo chophimba tayala chija, n'kugwira pamene tayala linakhula. Panali pakutentha.

"Wakweza liti?"

"Sabata yatha."

"Matayalawa unasankha ndi ndani?"

"Ndekha."

Anali akadali chogwada. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Koma iwo anangoti, motsitsa mawu, "Mayi, maso okha ndi amene anapita. Mutuwu ulipo, manja awa alipo. Ukanandifunsa."

Bambo ankanditchula kuti mayi chifukwa ndinatenga nkhope ya mayi awo. Ndinawagwira mkono kuwadzutsa, ndipo ndinaona kuti thalauza lawo ladetsedwa m'maondo. Ndinawasasa fumbilo, misozi ikugwera pansi, ndikuthokoza kuti sakundiona. Anamva ndithu, chifukwa anandisisita kumutu n'kunena kuti, "Basi. Mawa undidzutse, tipitire limodzi."

M'mawa mwake anavala shati yoyera ndi jekete imene ankapita nayo kutchalitchi. Kukwera kunavuta, poti galimoto inali itatalika. Ndinawaikira njerwa ziwiri pansi, iwo akuseka kuti ndawagulira ndege. Panjira ankandiuza pamene tafika popanda kufunsa. Pakachitunda kena anandiuza kuti nditsitse giya ndisanayambe kukwera.

"Wamva mmene ikupumira? Kale apa inkakwera ndi giya ya folo. Tayala lalikulu limalanda injini mphamvu, limamwetsa dizilo, ndipo mabuleki amavutika kuliimitsa. Uyika matumba a mpunga pamwamba pake, ndiye bwanji?"

Titafika ku Balaka, wogulitsa uja atangoona amene ndikuwatsitsa anataya chitsulo chimene anagwira.

"Adalaivala! Ajimwiche uli?"

Bambo anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, nkhope yawo n'kumasuka. Anayankha m'Chiyao, chimene ine ndimangomva pang'ono. Zinapezeka kuti ndi munthu amene ankawamatira machubu a lole kale, ali ndi kashedi chabe ka udzu. Anagwirana manja nthawi yaitali, akufunsana za anthu amene ambiri mwa iwo anali atamwalira. Kenaka wogulitsayo anandiyang'ana.

"Bwanji simunanene kuti ndinu mwana wa awa? Sindikanakulolani kutuluka nawo matayala aja."

Anavomera kuwalandiranso, poti anali atangoyenda ulendo umodzi wa pa tala. Anatulutsa mpando, koma bambo anaukana. Anapempha kuti awagubuduzire matayala onse okwana pa rimu yathu. Anawandandalika asanu kapena asanu ndi limodzi, bambo n'kumayenda kuchokera pa lina kupita pa lina, ine nditawagwira chigongono. Lililonse ankaliyeza msinkhu ndi ntchafu yawo, kulikanikiza m'mbali ndi chala chachikulu, kulowetsa chala m'mano, n'kuwerenga manambala. Anatenga dzanja langa n'kuliika pa manambalawo.

"Yoyambayi ikunena kutambalala. Yachiwiri ikunena kutalika kwa khoma la m'mbali. Yomalizayi ndi rimu. Iwe dzulo unathamangira kutambalala. M'makande tayala lotambalala limayandama, limangopukusa matope. Ukufuna lalitali koma lowonda, loti lidule matope likagwire pouma pansi."

Anasankha lina losaoneka bwino kwenikweni, lalitaliko kuposa akale aja ndi zala zitatu, koma locheperapo poyerekeza ndi a dzulo. Ine ndinakhumudwa pang'ono, ndipo ndinanena.

"Ababa, kusiyana kwake ndi akale n'kochepatu."

"Mtumbira umene umakukola umaposa difu ndi zala zingati? Unayezapo?"

Sindinayezepo. Wogulitsa anaseka mpaka kutsokomola.

Bambo analamula kuti aike limodzi lokha kutsogolo, atsitse jeki. Kenaka anagwada, nalowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, n'kundiuza kuti ndilize injini ndipinde chiwongolero mpaka kumapeto.

"Chotsani kaye dzanja, ababa."

"Ndikachotsa ndiona ndi chiyani? Pinda pang'onopang'ono. Ndikati basi, usiye."

Sindinagwirepo chiwongolero mwamantha ngati tsiku limenelo. Ndinkapinda pang'ono n'kuima, mutu uli pawindo, ndikuyang'ana msana wa jekete yawo. "Pitiriza," ankatero. "Pitiriza, mayi, usaope." Chiwongolero chinafika kumapeto. Anatulutsa dzanja lili lakuda, n'kuimika zala zitatu. Tinachitanso chimodzimodzi kumbali inayo. Sanakhutire. Anapempha amuna atatu amene ankadikira kupopetsa njinga zamoto kuti akwere pa bampala azidumpha, iwo dzanja lili momwemo, kuti amve ngati tayala lingagunde galimoto ikagwa m'dzenje. Silinagunde.

"Ikani asanu," anatero. "La sipeya lifanane ndi anzake. Pansi pa galimoto paja silikwana, uzilimanga kumbuyo. Ndipo wotchi ya liwiro izikunamiza tsopano. Uzikhala ukuthamanga kuposa mmene ikunenera, ndiye phazi lizipepuka."

Tsikulo linali Lachisanu. Ntchito itatha, wogulitsa anasamba m'manja kuti apite ku mzikiti. Asanatseke anatuluka ndi kachitsulo kopinda, chopondera pokwera cha lole yakale, n'kundipatsa kuti ndikawotcheretse kumbali ya bambo. Anakana kuti ndimupatse kanthu.

Mvula itagwa masiku atatu otsatizana, ndinawatenga bambo ulendo wa kwa Mposa. Titafika pamalo pamene ndinatitimira paja, ndinaima. Madzi anali atadzaza m'ngalande zonse ziwiri. Ndinawafotokozera mmene panalili, iwo akumvetsera mutu uli chopendeka.

"Ika giya yachiwiri, thuu. Usasinthe giya pakati, usaponde kwambiri. Tiye."

Tinalowa. Galimoto inagwedezeka, kumbuyo kunatsetsereka pang'ono, matope anawaza mpaka pagalasi. Ndinkadikira kumva mimba ikukhula, koma sinakhule. Titatulukira pouma bambo anamenya dashibodi ndi chikhato, n'kufuula ngati ali kumpira. Amayi ena amene ankaoka mpunga m'mbali mwa msewu anaweramuka kutiyang'ana.

Pobwerera, matumba ali kumbuyo, tinadutsa pabwalo lalikulu la mpira, lamchenga, lopanda munthu ngakhale mbuzi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinakhotera pabwalopo, n'kuzimitsa injini, n'kutsika.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Sunthirani kuno, ababa. Bwalo lonseli ndi lathu."

Anakhala kaye osagwedezeka. Kenaka anasunthira ku chiwongolero, nakonza mpando, dzanja lawo n'kupita lokha pa giya. Ine ndinakhala pambali, dzanja langa lili pa handibuleki. Ananyamuka mosalala kuposa mmene ine ndimanyamukira. Ndinkangoti kumanzere pang'ono, wongolani, kumanja tsopano. Tinazungulira bwalolo katatu, ndipo ulendo wachitatu analowetsa thuu. Mphepo inkawakupiza kolala ya shati, ndipo ankamwetulira ngati munthu amene akumva nyimbo yakale.

Anaimitsa okha, nabweza giya pakati, n'kukhala manja ali pa chiwongolero. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Matayala ali bwino," anatero. "Koma kilatchi ikugwirira pamwamba. Lolemba tipite nayo kwa makaniko wako uja, ndikamve mmene amagwirira ntchito."

Tinasinthana malo, tinanyamuka. Tisanafike pa tala anali atagona, mutu atatsamira pawindo, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Liwonde kuti mabampu asawadzutse.