Mbuzi ya Amayi Atampoka

Amayi Atampoka anabwerako ku mzinda wa Kumasi msana utapindika. Anatha zaka zambiri akusenza katundu wa anthu pamsika, mpaka khosi linakana. A m'mudzi wa Soliga atamanga laibulale ya chipinda chimodzi, anawapatsa makiyi chifukwa anali ataphunzirako, komanso panalibe mwamuna wofuna ntchito yosesa ndi kulimbana ndi chiswe.

Poyamba munkalowa ana asukulu okha. Ndiye iwo analola azimayi kuyanika mtedza wa shiya, woyengera mafuta, pakhonde la simenti. "Mtedza panja, eni ake mkati," ankatero. "Kapena mukufuna muume nanunso?"

Kawerengedwe kawo kanali kakekake. Ankanama dala. Akatsegula buku la zithunzi, ankaloza galu n'kumati ndi ng'ombe, ana n'kukuwa kuti, "Bodza!" Iwo n'kugwira pamtima ngati atukwanidwa.

Lamisi, mtsikana wokwatiwa kumtunda kwa mudziwo, sankajomba, ndipo ankabwera ndi mwana wake Ayine. Mwanayo anali atakwana zaka zitatu osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Kunyumba ankanong'onezana kuti si munthu ameneyu, ndi mwana wa mizimu ya kutchire wodzapasula banja. Ng'ombe yapakhomo itafa, apongozi a Lamisi ananena poyera kuti akakolola mawere apita naye mwanayo kwa wamaula. Lamisi ankadziwa kuti wamaula akavomereza, mwana amamwetsedwa mankhwala, sadzukanso.

Tsiku lina apongoziwo anabwera kudzatembenuza mtedza, dzuwa n'kuwakankhira mkati. Amayi Atampoka anawaona, anaonanso Lamisi atauma pakona, mwana ali pamiyendo.

"Fikani, amayi. Kuno nkhalamba zimalowa ulere."

"Nkhalamba ndani? Msana wakowo unauona?"

Anthu anaseka. Amayi Atampoka anasolola buku n'kutembenukira ana. "Lero nonse pakamwa tseke. Woyankha ndimukazinga." Kenako anagwada movutikira pamaso pa Ayine, n'kuloza chithunzi cha nkhanga.

"Taona mbuzi yanga. Mee!"

Zii. Ana anadzigwira pakamwa, masaya atatupa. Lamisi ankamva kamtima ka mwana kakugunda m'manja mwake, ndipo analakalaka atathawa naye.

"Yonenepa bwanji! Mawa ndiikama mkaka. Meee!"

Kachala ka Ayine kanagwera pachithunzipo.

"Bodza."

Linali liwu losasa, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo.

"Iii, bodza? Nanga n'chiyani, bwana?"

"Khanga."

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono, pafumbi pomwepo. "Tanenanso, mwanawe," anatero, koma Ayine anali atabisa kale nkhope pachifuwa cha amake. Zinalibe kanthu. Chipinda chonse chinali chitamva, ndipo dzuwa lisanalowe nkhaniyo inafika kuchitsime.

Potuluka, apongoziwo anayankhula osamuyang'ana Lamisi. "Mawa ubwere nayenso. Mtedza nditembenuza ndekha." Mawere anakololedwa, ndipo za wamaula sizinatchulidwenso.

Patapita masiku, Lamisi anawapeza Amayi Atampoka akukuntha fumbi m'mabuku. Anaima kaye akuyang'ana msana wopindikawo.

"Amayi, munadziwa bwanji kuti ayankha?"

"Sindinadziwe, mwananga. Ndinkangoona kuti ndikanama, timilomo take timagwedera. Anzake ndi amene ankamuyankhira msanga." Anamupatsa tsache. "Gwira apa. Chiswe sichinamve kuti kuno kwachitika zodabwitsa."