Njerwa Zamwaye Zabwerera Kutchalitchi

Lachiwiri ndinaona njerwa zikuyenda pamitu ya amayi, kuchokera ku Kachulu kulowera kutchalitchi chathu chakale cha Angilikani.

Mukuchidziwa. Chija tinachisiya titamanga chamalata, mileme n'kulowamo. Khomo lake ndi lokhota ngati uta, lopanda chitsulo ngakhale simenti: njerwa kutsamira inzake basi. M'menemo ndi momwe ndinaphunzira kulemba dzina langa, ndevu zitamera kale.

Mwezi watha kunabwera mayi wa kuboma woyang'anira nyumba zakale. Anati tchalitchichi chikhoza kutetezedwa ndi lamulo, koma khoma lakumvuma ladyeka m'munsi, silipirira dzinja lina. Likagwa, palibenso choteteza. Njerwa zamakono sizingalowepo, n'zazing'ono. Zofunika ndi zomwe zija zinachokapo.

Zinapita kuti? Tonse tinayang'ana pansi.

Njerwa zakale sizisweka ndi moto. Ndiye kwa zaka zambiri zakhala zikusamuka imodziimodzi, kukakhala mafuwa, kukamanga ng'anjo zowambira milamba.

Anayamba kubweza ndi mayi Esinati, owamba nsomba kudooko. Anagumula ng'anjo yawo dzuwa likuswa mtengo, n'kusenza njerwa.

"Mwapenga, mayi?" anafunsa mlamu wawo. "Milamba muwambira pamutu?"

"Alamu, njerwazi zinamva ubatizo wanga. Zatumikira nsomba mokwanira. Nanga zili pansi pa nkhokwe yanu zija, zikudikira lipenga?"

Anthu anaseka, mlamu nayenso anaseka. Madzulo ake anabwera nazo panjinga.

Palibe anafunsidwa kuti anatenga liti. Ine ndili nazo zanga zondisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti munthu amabweza msanga ngati sakumuloza chala.

Akuti mutu umodzi susenza denga. Ife mitu yathu yasenza khoma lonse! Amisiri atseka bowo ndi dothi ndi laimu, monga anachitira oyamba aja. Mayi wa kuboma wabweranso, wagogoda khomalo, wati lilimba, ndipo nkhani yoteteza ipita patsogolo.

Timakonda kudandaula kuti boma silisamala zakale zathu. Koma kodi boma ndi limene limaphikira pa njerwa za tchalitchi?

Ena akuti tipake laimu kuti mwaye usaoneke. Ine ndakana. Khomalo likhale ndi mawanga ake akuda, linunkhe milamba mvula ikagwa. Mdzukulu akadzafunsa, tidzamuuza kuti njerwazi zinapita, ndipo zinabwerera.

Nanga inu, poto wanu wakhala pa chiyani lero?