Daikiri wa akulu a ku Beira

Pakamwa panga ndi pomwe panawapereka akulu aja, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zinali zaka zija anthu a ku Mozambique anadzaza m'dziko muno kuthawa nkhondo. Ine ndinali weta pa hotela ina ku Nkopola, bambo wa ana awiri kale. Pa bala panali akulu ena aimvi, othawa nkhondo, amene kwawo ankagwira ntchito m'hotela ya ku Beira. Chikalata chowalola kugwira ntchito kuno analibe, ndiye aliyense akafunsa tinkati ndi a ku Namwera. Akanadziwika akanabwezedwa kukampu, komwe anaika mkazi wawo m'manda, ndipo ankati kumeneko bola kufa.

Ndi iwo anandiphunzitsa kusakaniza chakumwa chotchedwa daikiri. Mowa wa ramu woyera, ndimu, shuga, ayisi, basi. Ndimu ankayamba amugubuduza ndi chikhatho patebulo kuti afewe. Shuga ankamusungunula m'madzi a ndimu ramu asanalowe. Kenako kukhutchumula m'chitini mpaka zala zichite dzanzi, n'kusefera m'tambula yozizira.

"Achimwene, shuga yenseyo mukuphika thobwa kodi?" ankandiseka chonchi. Ine ndine Msilamu, sindilawa, ndiye manja anali anga, lilime lawo.

Ankati chakumwachi chinachokera ku Cuba, kumudzi wa migodi ya chitsulo wa dzina lomwelo. Iwo anachiphunzira kwa madokotala a ku Cuba amene ankamwera pa bala yawo ku Beira.

Tsiku lina masana kunali msonkhano wa mabwana a m'boma. Mmodzi analawa daikiri, n'kunyambita milomo.

"Iwe, zimenezi mwazitenga kuti kuno?" anandifunsa.

Kupusa kwangaku! Pofuna kuti akulu aja ayamikiridwe, ndinakhuthula zonse: Cuba, madokotala, Beira. Nditangoti Beira ndinazindikira kuti ndaulula chinsinsi chawo. Bwanayo anamwetulira, n'kuitanitsa tambula ina.

Patapita masiku atatu galimoto ya boma inabwera m'mawa kudzawatenga akulu aja. Iwo sanakane. Anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kundipatsa m'manja. Ndinafuna kunena kuti ndine ndinawaulula, koma pakamwa pomwe paja panauma gwaa.

"Muzichotsa nthanga za ndimu, achimwene, zimawawitsa," anatero, n'kukwera. Sindinawaonenso.

Mawa lake manijala anandiika ine pa bala. Nditakanena kunyumba, mkazi wanga analuluta, n'kupha nkhuku. Ana anavina pabwalo. Ine ndinakhala pamphasa, ndinasamba m'manja, ndipo nkhukuyo ndinadya.