Woimba Amene Ankabwera Lachinayi

Chaka chimene ndinkamaliza maphunziro a unamwino, ndinkagwiranso ganyu yosamalira bambo ena achikulire ku Rockville, m'dziko la Amereka. Anali Mmereka wakuda, ndipo anayendetsa basi mu Washington mpaka kupuma pantchito. Sitiroko inawapha mkono wamanja, mawunso ankatuluka movutikira, amodziamodzi.

Mwana wawo wamkazi anali woimba. Ine sindinkamudziwa, koma anzanga akusukulu ankavina nyimbo zake za R&B m'maukwati. Ankabwera Lachinayi lililonse masana, atavala jinzi ndi nsapato zothamangira, n'kukhala papiyano yakale ya pabalaza.

Tsiku lina anandiuza kuti akukonza chimbale cha nyimbo zamakedzana za blues zokhazokha.

"Ndi zimene adadi ankaimba akamameta ndevu," anatero. "Anazipeka anthu olima thonje ndi okonza njanji. Ambiri anamwalira popanda wowaombera m'manja. Ndikufuna ndiwathokoze."

Anayamba ndi nyimbo ya mayi amene mwamuna wake wakwera sitima osatsanzika. Mawu a woimbayo ankakwera, kupotoloka, n'kutsika mokoma mpaka ine ndinasiya kupinda zovala. Koma bambo aja anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere.

"Ukuonetsa luso," anatero pang'onopang'ono. "Mayiyo watopa. Mphamvu zimenezo alibe."

Ndinkaganiza kuti mwana wawoyo akwiya, poti anali munthu wodzaza maholo. Iye anangochotsa manja papiyano.

"Ndiphunzitseni, adadi."

Bambo aja sakanatha kutchula mawu a nyimboyo, ndiye ankangong'ung'udza chapakhosi, mwana wawo n'kumatsatira. Akathamanga, tebulo linkalira. Zinatenga milungu ingapo. Sindinamumvepo akudandaula, ngakhale tsiku limene anabwereza mzere umodzi mpaka tiyi wake anazizira.

Lachinayi lina anaiimba motsitsa, akupumira pakati pa mawu ngati wasenza mtolo. Ndinakumbukira mayi anga aang'ono ku Dedza, mmene ankaimbira pamtondo amuna awo atapita ku Joni n'kusiya kulemba makalata. Nditamuuza, anatembenuka pampando.

"Tandiimbireni."

Ndinakana, mawu anga ndi a m'bafa. Anandikakamiza, ndipo ndinaimba mizere iwiri ndikuyang'ana pansi. Anafunsa tanthauzo la liwu lililonse, kenako anafunsa ngati mayiwo akadali moyo. Nditati inde, anati ndikawaimbira foni ndiwapatse moni wochokera kwa woimba mnzawo.

Chimbale chitatuluka, anakachiimba Lamulungu masana muholo yaing'ono, ndipo ine ndi amene ndinakankha bambo ake panjinga ya olumala. Asanayambe nyimbo iliyonse ankatchula amene anaipeka ndi kwawo. Pa nyimbo ziwiri anati mwini wake sadziwika, n'kupempha kuti timuombere m'manja basi. Tinaomba. Pobwerera m'galimoto bambo aja anati nyimbo yachitatu anaithamangitsa, koma ankanena akumwetulira, mpango wawo utanyowa ndi misozi.

Nditapeza ntchito kuchipatala ndinasamukira ku Springfield, ndipo sindinaonanenso nawo. Chimbale chija chimakhala m'galimoto mwanga. Ndikachiika popita kutchalitchi, ana anga amadandaula m'Chingerezi kuti ndi nyimbo zamaliro. Ndimawauza kuti apirire mpaka tikafike pamaloboti.