Mathireyi a Jasumatiben

A Jasumatiben Rathod anagwira ntchito zaka makumi atatu pamalo athu ofufuzira zakuthambo ku Ahmedabad, ndipo ntchito yawo inali yosaka fumbi. Osati fumbi wamba ayi, koma timiyala togwa kuchokera kuthambo, tochepa kuposa kanjere ka mpiru. Akuluakulu ophunzira ankafuna kudziwa kuti timagwa tingati padenga pathu pachaka, kuti ayerekezere kuchuluka kwa tomwe taunjikana pamwezi.

Ine tebulo langa linali loyandikana ndi lawo. Nthawi ya tiyi maso awo ankakhala pawindo.

"Kumwezi kulibe mphepo, kulibe mvula, kulibe apongozi okupatsa tsache," ankatero. "Chagwa chagwa basi. Ndimadziona ndikuyenda kumeneko pang'onopang'ono, fumbi lofewa ngati ufa likundifika m'akakolo."

Koma zaka zonsezo sanapezepo kamwala kenikeni ndi kamodzi komwe. Chilichonse chomata ku maginito awo chinkapezeka kuti n'chochokera kwa owotcherera zitsulo. Maso anayamba kuchita mdima, tsiku lopuma pantchito likuyandikira. Mtima wawo wonse unali pa mathireyi anayi otchera fumbilo omwe anakhala padenga chaka chathunthu osakhudzidwa ndi munthu.

Kutatsala masiku atatu kuti Diwali, chikondwerero chathu cholowera chaka chatsopano, ifike, nthawi imene aliyense amakolopa ngakhale kuseri kwa kabati, ine ndi a Jasumatiben tinakwera kukawatenga. Tinawapeza ali mbee, lililonse lili ndi duwa pamwamba. A Devjibhai, mlonda watsopano, anaima pambali mano onse pamtunda.

"Achemwali, mwaona? Uve unali apa, eee! Chaka chatsopano chikanalowera pati?"

"Mayo ine! Madziwo munatayira kuti, achimwene?" anafunsa a Jasumatiben.

"M'paipimo. Bwanji, ndalakwa?"

Ndinkafuna kuwalalatira bambowo, koma nanenso m'mawa womwewo ndinali nditapala denga la kwathu.

A Jasumatiben anatsika, n'kugwada pakamwa pa paipi, akuyendetsa maginito m'matope mpaka mawondo anachita dzanzi. Anatola kanthu kamodzi kakuda, n'kukaika pansi pa galasi la makina awo oonera tinthu ting'onoting'ono. Anasuzumira nthawi yaitali, kenako anasendera kumbali.

"Tandionera, Mayur. Maso angawa angotsala okongoletsa nkhope. N'kozungulira? Kakunyezimira?"

Ndinasuzumira. Kanali kadzimbiri ka paipi. Ndinawauza zoona, iwo n'kugwedeza mutu, n'kuphimba makina awo bwinobwino ndi nsalu. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindidziwa chimene ndikanataya ndikanangoti eya.