Bokosi la achimwene silinatsekulidwe

Ndinadzuka kusanache, nditatsamira khoma la khitchini. Azimayi a kutchalitchi mawu anali atawathera, poti anachezera kuyimba, nyimbo ya Chichewa ikatha ya Chishona n'kuyamba. Panja panali chisanu. Azibambo anazungulira moto, zipewa zili m'manja.

Achimwene anali pabalaza, m'bokosi lokhomedwa, mbendera itaphimba pamwamba. Asilikali awiri amene anabwera nalo dzulo lake anali chiimire pakhomo.

Abambo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno kudziko la Ashona, ndipo tonse tinabadwira m'nyumba ino ya ku Rugare. Achimwene ankafuna ntchito yomweyo, koma malo kunalibe, ndiye analowa usilikali. Atatumizidwa ku Congo ankatilembera za mvula, malungo ndi nsapato zosauma. Za nkhondo sankalemba. Tinangouzidwa kuti anawomberedwa akulondera mlatho.

Dzuwa litakwera, anthu anadzaza mpaka mumsewu: anzawo a abambo a kunjanji, azimayi ogulitsa kumsika wa ku Mbare, ena osawadziwa. Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda monga mwa mwambo. Mkulu wa asilikali ananena kuti bokosi silitsekulidwa, ndi lamulo.

Amayi anadzuka pamphasa n'kupita kwa mkuluyo. "Mwanangu, nkhope isiyeni. Mundionetse phazi lamanzere lokha. Lili ndi chipsera, anachekedwa ndi lata ali mwana."

"Pepani, amayi, sitingathe," anayankha mkuluyo m'Chishona, maso ali pansi.

"Nanga ndikulira yani?"

Mzere uja unabalalika pang'onopang'ono.

Kumanda tinapita pa basi, galimoto la asilikali lili patsogolo. Kunali mphepo yafumbi. Mfuti zitalira ndinatseka makutu, ndipo ndinachita manyazi. Abambo analandira mbendera yopinda. Fosholo ya dothi itafika pa amayi, iwo anabisa manja m'chitenje. Azakhali anawanong'oneza kawiri, koma sanaponye. Ine ndinaponya, dothi linagunda thabwa, ndipo sindinadziwe ngati ndawalakwira amayi.

Madzulo anthu anapita. Panja panatsala phulusa ndi mabenchi obwereka. M'nyumba munali zii, sitima yokha inkamveka patali. Abambo anatenga loko kuti akakhome geti.

"Lisiyeni," anatero amayi. "Angafike n'kusowa polowera."

Abambo anaima pakhomo kanthawi. Kenako anaika loko pawindo, n'kukhala pansi.