Dothi Limene Grayson Sanaponye

Grayson Kalonjere anafika ku Doha ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, atatopa ndi kuyendetsa minibasi pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Anamulemba udalaivala panyumba ina yaikulu ku Onaiza. Patatha chaka, mwini nyumbayo, nkhalamba yotchedwa Abu Khalid, inachita sitiroko, miyendo n'kufa. Kuyambira pamenepo ntchito ya Grayson inali yonyamula munthu: kumuchotsa pabedi, kumukhazika pa wilutcheya, kumulowetsa m'galimoto, kumutsitsanso. Anali wamanja aakulu, wosalankhulalankhula, ndipo nkhalambayo sinkafuna kugwiridwa ndi wina aliyense.

Mkazi wake Callista anamwalira mu February, chaka chachitatu. Foni inalira Lachiwiri, maliro anaika Lachinayi. Sabata imeneyo nkhalamba inali m'chipatala, ndipo Grayson atapempha tchuthi, Khalid, mwana wa nkhalambayo, anangoti, "Inshallah, bambo akatuluka." Mwambo wa kumanda anauonera pafoni ataima m'khonde la chipatala. Netiweki inaduka bokosi lisanatsike.

Kwawoko, mwamuna ndiye amayamba kuponya dothi pabokosi la mkazi wake. Adzukulu asanayambe kukwirira, apongozi ake a Grayson anawerama n'kutapa dothi lodzaza dzanja pamulu paja. Analimanga m'kansalu kong'ambidwa ku chitenje cha malemuyo. Patapita miyezi inayi, Wickson, mchimwene wa Callista, anapeza ntchito ya ulonda ku West Bay, mu Doha momwemo, ndipo anabwera nalo. Anakumana Lachisanu masana, pamthunzi wa siteshoni ya metiro, sitima ya mumzinda.

"Alamu, mayi akuti dzanja lanu silinafike pamanda paja. Akuti dothi lanu ndi ili, mudzaponye nokha tsiku lobwera," anatero Wickson. "Koma ndinatuluka nalo thukuta pa eyapoti."

"Alipo analiona?"

"Ndani? Linali m'sokosi. Koma musaonetse munthu, alamu. Kuno akangoona kanthu komangamanga amati ndi sihiri, matsenga, mawa lake muli m'ndege. Kwathu nakonso mukulidziwa dzina la munthu woyenda ndi dothi la kumanda."

Grayson ankadziwa. Mtsikana wina wantchito panyumba yoyandikana nawo anamubweza kwawo chifukwa cha kachithumwa kamene anakapeza m'chikwama chake. Choncho kansalu kaja sankakasiya m'chipinda. Ankayenda nako m'thumba lamkati, pafupi ndi nthiti. Kontilakiti yake inali kutha mu March wotsatira. Anali atakonza kale zonse m'mutima: akatsika basi pa boma, sakayamba wafika kunyumba, akalunjika kumanda.

Mu January, nkhalamba inati ikufuna kukaona dziko la madzi oundana isanafe. Khalid anagula matikiti atatu. Anauluka mpaka kumunsi kwenikweni kwa dziko la Argentina, n'kukwera sitima ya pamadzi yopita ku Antarctica. Masiku awiri nyanja inawakhutchumula. Grayson ankasanza, n'kutsuka m'kamwa, n'kukanyamula abwana ake.

Tsiku lachitatu mmawa, onse anawaitanira m'chipinda chachikulu, aliyense ndi zovala zimene adzatsike nazo kumtunda. Mayi wina wa tsitsi laimvi, mmodzi mwa otsogolera ulendowo, anafotokoza kuti kudzikolo sikuloledwa kanthu kalikonse kochokera kwina, kaya ndi kambewu, kaya ndi kadothi kokanirira kunsapato, chifukwa mumabisala matenda opha mbalame. Panali mahuva, makina okoka fumbi aja, ndipo anthu ankaseka akupisitsa matumba awo.

Grayson anapereka jekete la abwana, kenako lake. Anakumbukira mochedwa. Dzanja la mayi uja linali litalowa kale m'thumba lamkati.

"Ichi n'chiyani, bambo?" anafunsa akumwetulira, kansalu kaja kali pachikhatho.

Khalid anali ataima pambali pomwepo, ndipo anasiya kuyang'ana foni. Nkhalamba nayo inatembenuza mutu. Grayson anawafuna mawu a Chingerezi, n'kuwapeza onse. Dothi. Manda. Mkazi wanga. Anaona mmene mawu atatuwo angamvekere m'makutu a Khalid, kuchokera kwa munthu amene amagwira thupi la bambo ake tsiku lililonse.

"Si kanthu," anatero. "Zinyalala chabe."

"Zinyalala zomanga mfundo ziwiri?" anafunsa Khalid.

"Ndinasesa m'galimoto, bwana. Ndinaiwala kutaya."

Mayi uja anamasula mfundozo. Dothi linali litauma, lofiira ngati njerwa yootcha. Anati ndi mwayi kuti laoneka, ndipo analozetsapo kukamwa kwa huva. Sizinatenge nthawi. Kansaluko anakaviika m'mankhwala apinki, n'kukafinya, n'kumubwezera mwaulemu ndi manja awiri.

Amene anali kumbuyo kwake pamzere anali bambo wina wachizungu. Iyeyo anatulutsa yekha kabotolo ka mchenga, n'kunena mokweza kuti ndi wa pagombe pamene anakumanirana ndi mkazi wake, amene tsopano anamwalira. Mayi uja anamugwira paphewa.

"Palibe vuto. Ingokasiyani m'chipinda chanu, musatsike nako."

Grayson anamva bwinobwino. Anali akumanga lamba wa wilutcheya.

Masana anatsikira kumtunda pa kabwato ka mphira. Anabereka nkhalamba kumsana kudutsa m'madzi ofika m'mawondo, kuzizira kukumuboola mabuti. Anaikhazika pamiyala yakuda. Kulibe mtengo kumeneko, kulibe udzu. Mapiri a ayezi ankayandama panyanja, ena aatali kuposa nyumba za ku West Bay, m'ming'alu mwake muli mobiriwira ngati mankhwala ochapira. Nthawi ndi nthawi chibuma chinkagumuka kutali, phokoso lake n'kufika mochedwa.

Mapengwini anali zikwizikwi, mbalame zoyenda chiimire ngati anthu ovala masuti opita kumaliro. Fungo lake linali la khola la nkhuku losasesa. Nkhalamba inaseka, koyamba m'zaka ziwiri, malovu akutsikira m'ndevu. Grayson anaipukuta. Pafupi ndi mapazi awo, pengwini wina ankatola timiyala ndi mlomo, kamodzikamodzi, kukaika pamene mnzake anakhalira mazira. Ankapita, ankabwera. Kenako chimbalame china chotuwa chinatera, n'kusolola kamwana pachisa choyandikana, n'kukakadyera poteropo. Make anakuwa pang'ono, kenako anakhalanso pachisa chopanda kanthucho. Makamera ankalira.

Atabwerera m'sitima, Grayson anasambitsa abwana ake, n'kutsika masitepe kukafuna mwamuna wa ku Philippines amene anamuona akunyamula mahuva. Anamupeza akupinda matawulo.

"Matumba a m'makina aja amapita kuti?"

"Timaotcha, m'bale. Tsiku lomwelo. Lamulo." Anamuyang'ana nkhope. "Mwataya mphete?"

"Ayi."

Masiku asanu ndi limodzi otsalawo anaona anamgumi akupuma pambali pa sitima, mpweya wawo ukununkha nsomba zovunda. Anaona chinyama china chonenepa, chopanda miyendo, chitagona pa ayezi, kukamwa kuli magazi. Dzuwa silinkalowa kwenikweni. Anthu ankamupatsa mafoni kuti awajambule, ndipo ankawajambula.

Atabwerera ku Doha, anamuuza Wickson yekha, pamthunzi womwe uja. Wickson anaseka kuseka kosakoma.

"Ndiye mwati zinyalala? Achemwali anga?"

Grayson anatulutsa kansalu kopanda kanthu kaja, n'kumuonetsa.

"Basi, khalasi, zachitika. Tamverani alamu. Kunyumba yosanja imene ndimalondera kuli miphika ya maluwa, dothi lake lofiirira ndithu, amachita kuitanitsa kunja. Ndikutapirani, mumange, mukaponye. Mayi maso anafooka. Adziwa ndani?"

"Callista."

"Aa, inunso alamu! Akufa amayeza dothi?"

"Ndinamukana kamodzi pamaso pa anthu. Ndikamunamizenso pamanda pake?"

"Ndiye pitani chimanjamanja, mukawauze mayi zoona."

Grayson anayang'ana njanji. M'maganizo anawaona apongozi ake akuwerama pamulu paja, anthu onse akuwayang'ana, mayi wokalamba wolola kunenedwa m'mudzi chifukwa cha mkamwini amene sanabwere.

Mu March, Khalid anamuitana pabalaza. Anati bambo ake sakufuna munthu wina, ndipo anaika pepala patebulo, la zaka zina ziwiri. Anawonjeza kuti tchuthi chilipo ngati akuchifuna. Grayson anati sakuchifuna. Anasaina.

Madzulo a tsiku lomwelo, akutsuka galimoto, foni inalira. Anali apongozi, mawu awo akumveka patali, mbuzi ikulira kumbuyo.

"Bambo, mvula yatha, manda tinalambula. Mufika liti? Katundu wanu uja mukusunga?"

Grayson anatseka mpopi. Anapisa m'thumba lamkati. Mankhwala aja anasukulutsa maluwa a pachitenje, koma m'mapindo mmene munali mfundo munatsala timizere tofiira.

"Kansalu kaja ndili nako, mayi," anatero.

"Chabwino. Tikudikira."

M'nyumba belu la nkhalamba linalira. Grayson anapinda kansaluko kanayi, n'kukabwezera m'thumba, n'kupita kukainyamula.